Sanders kapena Smith: kodi chikho n'cha munthu mmodzi?

Pali milandu ina imene singathe ngakhale mutaitana mafumu khumi kuti aweruze. Umodzi mwa iyo ndi umene okonda mpira ku America akhala akukokana nawo kwa zaka zoposa 25: kodi m'zaka za 1990 mpaka 1999, katswiri weniweni wothamanga ndi mpira adali ndani pakati pa Barry Sanders wa timu ya Detroit Lions ndi Emmitt Smith wa Dallas Cowboys?

Ndikudziwa wina wafunsa kale kuti nanga ife zikutikhudza bwanji za anthu ovala zipewa zolimba ngati chigoba cha kamba, akuombana mitu kutsidya la nyanja. Dekhani abale anga. Nkhaniyi ndaibweretsa chifukwa pansi pake pali funso limene aliyense wa ife amakumana nalo, kaya ali pamsika kaya ali m'kalasi. Tikamati uje ndiye woposa onse, kodi timakhala tikuyeza munthuyo kapena tikuyeza malo amene mwayi udamuika?

Poyamba tiwadziwe masewerowo. Mpira wake si wamiyendo uja tidauzolowera. Uwu ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo nthawi zambiri amaunyamula m'manja kapena kuuponya. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Bwalolo ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi ndi pafupifupi masentimita 91. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa adani. Munthu akalowa ndi mpira kumapeto kwa bwalo, eni ake amati touchdown, ndipo timu imapata mapointi 6. Ligi yaikulu ndi National Football League, mwachidule NFL. M'zaka tikukambazi timu iliyonse inkasewera masewero 16 pachaka, kenaka matimu ochita bwino ankalowa m'ndime ya wagonja watuluka. Masewero otsiriza olimbirana chikho ndiwo amatchedwa Super Bowl.

Sanders ndi Smith ntchito yawo idali imodzi, imene eni ake amaitcha running back. Munthu ameneyu amaima kumbuyo, amalandira mpira m'manja mwa woyendetsa timu amene amamutcha quarterback, n'kuliyatsa liwiro uku anthu 11 a mbali inayo akumusaka kuti amugwetse. Patsogolo pake pamakhala zimphona zisanu, zimene ntchito yake ndi kukankha adani kuti zimutsegulire njira. Zimphona zimenezi sizithamanga ndi mpira, sizigoletsa, ndipo maina awo sapezeka kawirikawiri pamitu ya nkhani. Muzikumbukire, chifukwa mlandu wathu wagona pa izo.

Pakatha zaka khumi zilizonse, komiti imene imasankha anthu olowa mu Pro Football Hall of Fame, nyumba yosunga mbiri ya akatswiri ku Canton m'chigawo cha Ohio, imasankhanso timu ya akatswiri a zaka khumizo. Posankha ya zaka za m'ma 1990, komitiyo idaika Sanders ndi Smith onse awiri pamzere woyamba, poti malo adalipo awiri. Akuluakulu ochenjera! Mlandu adauzemba, n'kuusiyira anthu wamba kuti azikokana nawo.

Ndipo ukayang'ana manambala umamvetsa chifukwa chake adazemba. Kuyambira 1990 mpaka 1997, ulemu wa munthu wothamanga mayadi ambiri m'ligi sudapite kwa wina aliyense koma awiriwa. Sanders adautenga mu 1990, 1994, 1996 ndi 1997. Smith adautenga mu 1991, 1992, 1993 ndi 1995. Kanayi uyu, kanayi uyo. Tikaphatikiza zaka zonse khumi, Smith adathamanga mayadi 13,963 pomwe Sanders adathamanga 13,799. Kusiyana kwake ndi mayadi 164 okha, mtunda wosakwana mabwalo awiri, pa zaka khumi zathunthu.

Otsatira Smith akafika apa amaseka, amati manambala akafanana tiyeni tiwerenge zikho. Dallas Cowboys idatenga Super Bowl katatu m'zaka zinayi. Mu January 1993 idaswa Buffalo Bills 52-17, mu January 1994 idaibwerezanso 30-13, ndipo mu January 1996 idagonjetsa Pittsburgh Steelers 27-17. Konseko Smith adalipo, mpira uli kukhwapa. Nanga Sanders? Alibe chikho ngakhale chimodzi. Pa masewero 6 a ndime ya wagonja watuluka amene adasewera, timu yake idapambana amodzi okha. Detroit Lions sidapondepo n'komwe mu Super Bowl.

Amanenanso za chaka cha 1993, ndipo apa ndiye mfundo yawo imaluma. Chaka chimenecho Smith adakana kusewera chifukwa sadagwirizane ndi mwini timu, Jerry Jones, pa nkhani ya malipiro. Dallas idasewera masewero awiri oyamba popanda iye, ndipo onse awiri idagonja. Bwana adafewa, ndalama zidatuluka, Smith adabwerera. Pakutha pa chaka adali atatsogola ligi ndi mayadi 1,486, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi, ndipo adasankhidwanso wopambana onse mu Super Bowl. Pa 2 January 1994, posewera ndi New York Giants, adaguluka phewa masewero ali mkati. Sadatuluke. Adapitiriza dzanja limodzi lili lende, nathamanga mayadi 168, ndipo Dallas idapambana 16-13. Amene amati Smith adangokwera basi ya anzake ayambe wayankha za tsiku limenelo.

Pomaliza amatulutsa chikwanje chachikulu. Pa 27 October 2002 Smith adapitirira mayadi 16,726 a malemu Walter Payton, nakhala munthu wothamanga mayadi ambiri m'mbiri yonse ya NFL. Adapuma atatha chaka cha 2004 ali ndi mayadi 18,355 ndi ma touchdown 164 othamanga nawo mpira. Sanders ali ndi mayadi 15,269 ndi ma touchdown 99. Iwo amati mlandu watha, tiyeni tikamwe tiyi.

Ine ndikuti ayi, sudathe. Khalani kaye pansi.

Choyamba, mayadi 164 aja. Smith adawapeza atasewera zaka khumi, pomwe Sanders m'zaka za m'ma 1990 adasewera zisanu ndi zinayi zokha, chifukwa mu 1999 adali atasiya. Ndiponso kalendala idamudyera chaka chimodzi. Iye adayamba mu 1989, chaka chimene sichiwerengedwa m'gulu limeneli, ndipo adathamanga mayadi 1,470. Wotsogola chaka chimenecho adali Christian Okoye wa Kansas City Chiefs, mwana wa ku Nigeria, ndi mayadi 1,480. Pa masewero otsiriza Sanders adatsala ndi mayadi ochepa kuti amupitirire, nthawi ilipo, koma poona kuti timu yake yapambana kale sadafune kubwereranso m'bwalo. Ichi chikutiuza ziwiri. Kudula moyo wa munthu m'magawo a zaka khumi ndi nzeru ya olemba kalendala, mpira suzidziwa zimenezo. Komanso munthu tikumuyeza ndi manambalayu sankawathamangira manambalawo.

Chachiwiri, tifunse kuti aliyense adapatsidwa mpira kangati. Wamalonda aliyense amadziwa kuti phindu la K10,000 silinena kanthu ngati sudauze anthu mpamba umene udalowetsa. Smith adanyamula mpira ka 4,409, ndipo nthawi iliyonse ankasuntha pafupifupi mayadi 4.2. Sanders adaunyamula ka 3,062, ndipo ankasuntha pafupifupi mayadi 5. Zikuoneka zazing'ono, koma m'masewero amene mayadi 10 ndiwo moyo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Pa zaka khumi zimene adasewera, palibe chaka ndi chimodzi chomwe chimene Sanders adalephera kukwanitsa mayadi 1,000. Mu 1997 adayamba mwaulesi, mayadi 53 okha pa masewero awiri. Kenaka adapitirira mayadi 100 pa masewero 14 otsatizana, natsiriza ndi 2,053. Smith, ndi ukatswiri wake wonse, sadafikepo pa 2,000. Chaka chake chokoma kwambiri chidali 1995, pamene adapeza 1,773.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, tibwerere kwa zimphona zisanu zija. Mu 1989 Dallas idali timu yomvetsa chisoni, idapambana kamodzi kokha pa masewero 16. Mphunzitsi Jimmy Johnson adagulitsa katswiri wake Herschel Walker ku Minnesota Vikings posinthana ndi mipata yambiri yosankhira achinyamata ochokera m'makoleji, ndipo malonda amenewo adathandiza kumanga timu yatsopano. Smith adasankhidwa mu 1990, nalowa m'nyumba imene idali kukwera. Woponya mpira adali Troy Aikman, wowakha adali Michael Irvin, onse awiri adalowa mu Hall of Fame. Khoma la patsogolo pake lidali ndi Nate Newton, Mark Stepnoski, Erik Williams ndi Mark Tuinei, ndipo mu 1994 kudabweranso Larry Allen, amene nayenso adalowa mu Hall of Fame. Kuonjezera apo padali Daryl Johnston, amene ntchito yake idali kuthamanga patsogolo pa Smith n'kuomba aliyense wotchinga njira. Adani akati atchinge Smith, Aikman ankaponyera Irvin. Akati atchinge Irvin, Smith ankadutsa.

Ku Detroit zinthu zidayenda mwina. Mu November 1991 mmodzi wa zimphona za Sanders, Mike Utley, adavulala msana m'bwalo posewera ndi Los Angeles Rams, ndipo adafa ziwalo. Mu June 1992 mnzake Eric Andolsek adagundidwa ndi lole ali pabwalo la nyumba yake ku Louisiana, namwalira. Anthu awiri mwa asanu adachoka pakhoma m'miyezi yosakwana isanu ndi itatu. Sindikunena kuti Detroit idalibe anthu. Lomas Brown ndi Kevin Glover adali zimphona zabwino, ndipo Herman Moore adawakha mipira 123 mu 1995. Koma Brown adapita ku Arizona mu 1996, ndipo pampando wa quarterback anthu ankangosinthana ngati okwera minibasi: Rodney Peete, Erik Kramer, Andre Ware, Scott Mitchell, Dave Krieg, Charlie Batch. Adani onse ankadziwa kuti mpira upita kwa nambala 20, ndipo ankamudikira. Iye, munthu wamfupi wa masentimita pafupifupi 173, ankaima chiriri, n'kupotoloka, n'kubwerera, mpaka anthu akuluakulu kugwira mphepo.

Ndiye funso langa kwa otsatira Smith ndi ili. Awiriwa akadasinthana matimu, zikho zitatu zija zikadatsata Smith ku Detroit kapena zikadatsala ku Dallas? Palibe angalumbire, koma mtima wa aliyense ukudziwa kumene yankho lapendekera. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Tsono denga likasenzedwa bwino, bwanji tikuveka nkhata ya ulemu mutu umodzi?

Kuti muone kuopsa kowerenga zikho, taonani zimene zidachitikira munthu wachitatu, Thurman Thomas wa Buffalo Bills, amene komiti ija idamuika pamzere wachiwiri. Mu Super Bowl ya January 1991, Thomas adathamanga mayadi 135 atapatsidwa mpira ka 15 kokha. Kutatsala masekondi ochepa, Buffalo ikutsalira 20-19 kwa New York Giants, mnzake Scott Norwood adapatsidwa mpata womenya mpira kuchokera pa mayadi 47. Mpira udadutsa kumanja kwa mtengo. Ukadalowa, Thomas akadakhala ndi chikho, ndipo mwina akadatchedwa wopambana onse tsiku limenelo. Sudalowe, ndipo lero amakumbukiridwa ngati mmodzi wa anthu amene adagonja mu Super Bowl kanayi motsatizana. Thomas yemweyo, miyendo yomweyo, thukuta lomwelo. Chidasintha mbiri yake ndi phazi la munthu wina iye ataima kunja kwa bwalo.

Okonda mpira wamiyendo zimenezi si zachilendo kwa inu. George Weah wa ku Liberia adatenga Ballon d'Or mu 1995, koma sadasewerepo mu World Cup. Kodi alipo angaime pagulu n'kunena kuti aliyense amene adanyamulapo World Cup amamuposa Weah? Vuto silidali miyendo yake.

Koma chilungamo chimafuna kuti ndinenenso zimene zimamutsutsa Sanders, chifukwa zilipo. Kasewero kake kadali ka zonse kapena palibe. Pofuna kuthyola mayadi 60, nthawi zambiri ankabwerera m'mbuyo n'kugwidwa asadafike n'komwe pamene adayambira. Mphunzitsi amene akufuna mayadi atatu otsimikizika kuti timu ipume sakondwa ndi zimenezo. Smith ankalowa pamene pali mpata, n'kugwera kutsogolo, tsiku ndi tsiku. Ndipo pa 31 December 1994, m'ndime ya wagonja watuluka ku Green Bay, Sanders adapatsidwa mpira ka 13, ndipo pophatikiza zonse adabwerera m'mbuyo yadi imodzi. Tsiku limene timu idamufuna kwambiri sadaoneke. Otsatira Smith tsiku limeneli amalisunga m'thumba ngati ndalama ya pangozi, ndipo sindiwadzudzula.

Chokhacho, tsiku limodzi silifafaniza zaka khumi. Ndipo ngati tikusankha masiku, nanenso ndili nalo langa. Mu January 1992 matimu awiriwa adakumana m'ndime yomweyo, Smith mbali iyi Sanders mbali iyo, ndipo Detroit idapambana 38-6, Sanders atagoletsa touchdown ya mayadi 47. Kodi tinene kuti tsiku limenelo lidathetsa mlandu? Ayi. Lidangoonetsa kuti patsikulo timu ya Detroit idali bwino kuposa ya Dallas. Ndi zomwezo ndikunena za zikho.

Patsala nkhani ya kusiya. Mu July 1999, ali ndi zaka 31, thupi lili bwinobwino, Sanders adatumiza fakisi ku nyuzipepala ya kwawo ku Wichita kulengeza kuti wapuma, nakwera ndege kupita ku London. Adali atatsala ndi mayadi 1,457 okha kuti afike pa Payton, mtunda umene chaka cha 1998 adali ataupitirira. Anthu a ku Detroit adakwiya, ena adamutcha wothawa nkhondo. Otsatira Smith amati kupirira nakonso ndi luso, ndipo munthu wosewera zaka 15 pantchito imene ambiri amathyoka asadakwanitse zisanu ayenera ulemu wake. Apa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Koma taonani kuti tasintha funso. Tayamba kufunsa kuti adakhalitsa ndani, pomwe tidayamba ndi kufunsa kuti ankatha ndani.

Apa ndi pamene pagona chinyengo cha mindandanda yonse ya akatswiri. Mawu oti "woposa onse" amabisa mafunso atatu osiyana. Pali wa luso loposa, pali wokolola zambiri, ndipo pali amene adali m'timu yopambana. Anthu awiri amatha kukangana usiku wonse mpaka kutukwanizana, osadziwa kuti wina akuyankha funso loyamba mnzake lachitatu. Mu 2010 kanema ya NFL Network idatulutsa mndandanda wa osewera 100 opambana m'mbiri yonse, ndipo Sanders adali pa nambala 17, Smith pa 28. Otsatira Smith adati ndi nsanje chabe yodana ndi Dallas. Ine ndikuona kuti osankhawo adayankha funso loyamba, ndipo adaliyankha bwino.

Wina anganene kuti zonsezi ndi macheza a anthu okhuta. Koma kayezedwe kameneka timakachita tsiku lililonse pa anthu amoyo. Mayi wogulitsa pakhomo penipeni pa msika amatha katundu wake dzuwa lisadapendeke, ndipo timamutcha wodziwa malonda. Mnzake wa kuseri, kufupi ndi dzala, amagulitsa theka, ndipo timati alibe mutu wa bizinesi. Tidayamba tawasinthanitsa malo n'kuona? Mwana wa pasukulu ya mabuku, magetsi ndi aphunzitsi okwanira akakhoza bwino timamuimbira nthungululu, ndipo n'zoyenera, poti adawerengadi. Koma uja adakhoza pang'ono pokha pasukulu imene buku limodzi amalimbirana ana khumi, ndani amafunsa kuti akadapatsidwa khoma la zimphona zisanu akadafika pati? Olemba ntchito, opereka ngongole, ngakhale makolo posankha mwana woti amulipirire fizi, ambiri amawerenga zikho zokha. Potero a Sanders ambiri amatayika osadziwika.

Sindikuti tipeputse amene mwayi udawagwera. Smith sadabe chikho cha munthu. Ambiri adapatsidwapo khoma labwino n'kulephera kudutsa, ndipo phewa loguluka lija silidali la Aikman kapena la Larry Allen, lidali lake. Mwayi umatsegula chitseko, koma kulowa amalowa ndi mwini miyendo. Chimene ndikukana ndi kutenga zimene anthu 11 adachitira pamodzi n'kuzisandutsa muyeso wa munthu mmodzi, kenaka n'kumunyoza nazo wina amene adalibe anthu oterowo.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Mukandifunsa kuti m'zaka za m'ma 1990 ndani adakolola zambiri, ndikuuzani kuti Emmitt Smith, ndipo nkhokwe yake aliyense akuiona. Mukandifunsa kuti ndani ankatha kuthamanga ndi mpira kuposa wina aliyense, ndikuuzani kuti Barry Sanders, munthu amene akagoletsa ankangopereka mpira kwa woimbira n'kubwerera kukakhala pansi, osavina. Ndipo poti mndandanda wa akatswiri umayenera kuyeza munthu, pakuti matimu ali kale ndi zikho zowayezera, dzina loyamba papepala langa ndi la Sanders.

Onse awiri adalowa mu Hall of Fame, Sanders mu 2004, Smith mu 2010. Polankhula pa mwambo wake, Smith adamuimiritsa Daryl Johnston pagulu n'kumuthokoza misozi ili m'maso chifukwa cha zaka zimene adamutsegulira njira. Mwini zikho adadziwa yekha kuti dengalo sadasenze yekha. Otsatira ake okha ndiwo amaiwala.

Amene simukugwirizana nane, tsamba lino ndi lanu, lembani. Koma musadayambe kuwerenga zikho, mundiuze kaye kuti mukuyankha funso liti.